Mimba Siidikira Kuti Madzi Aphwe

Tsoka likagwa m'dziko, anthu opereka chithandizo amayamba ndi kuwerenga. Amawerenga nyumba zimene zagwa, minda imene yakokoloka, mbuzi ndi nkhuku zimene zapita ndi madzi; kenaka amawerenga matumba a ufa, ndowa, mabulangete ndi mapepala ofolerera. Zonsezi n'zofunika, ndipo palibe munthu wanzeru amene angazinyoze. Koma alipo mafunso ena amene amachedwa kufunsidwa, ndipo akafunsidwa amayankhidwa monong'ona. Kodi mumsasa muno muli amayi angati oyembekezera? Ndi angati amene masiku awo ayandikira? Nanga atsikana agona kuti usiku uno, ndipo chitseko chawo chili ndi mpiringidzo kodi? Ife tikunena poyera kuti kuchedwa kufunsa mafunso amenewa si ulemu ayi. Ndi tchimo la kusasamala, ndipo malipiro ake ndi maliro.

Nyanja ya matsoka awiri

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, tiyeni tiiyike pa malo amodzi amene ambirife timawadziwa: gombe la kuzambwe la nyanja ya Chilwa, m'boma la Zomba, kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, kumene msewu wochokera mumzinda umakathera pa doko la Kachulu, moyang'anana ndi chilumba cha Chisi. Nyanja imeneyi ndi yosaya, ndiponso ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imangolandira zimene Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina yabweretsa, n'kumadikira kuti dzuwa liphwetse. Motero anthu a m'mbali mwake amakhala pakati pa matsoka awiri. Mvula ikachuluka, madzi amasowa kolowera, nasefukira m'midzi ndi m'minda ya mpunga. Mvula ikavuta kwa zaka zingapo, nyanja imaphwa, monga idachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso idatsala pang'ono kutheratu mu 2012 ndi mu 2018. Pamenepo matemba, makumba ndi milamba zimasowa, mabwato nkumangogona pa matope ouma.

M'zaka zaposachedwa matsoka a madzi akhala akupondana zidendene. Kudali chigumula cha mu Januwale 2015, china mu Malichi 2019, namondwe wa Ana ndi wa Gombe mu 2022, kenaka namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene adasiya anthu oposa 1,000 atafa kapena kusowa, nasamutsa anthu oposa 650,000 m'chigawo cha kumwera. Boma la Zomba lidali limodzi mwa maboma amene adalengezedwa kuti muli tsoka. Freddy uja adafikanso dziko lili m'kati mwa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700. Tsono palibe amene anganene lero kuti chakudza sichiimba ng'oma. Ku Chilwa ng'oma yalira kale kambirimbiri, ndipo amene sakonzekera sakonzekera mwadala.

Zimene thumba la ufa silithetsa

Anthu akathawa madzi amakaunjikana m'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi. Akatswiri a ntchito zachithandizo ali ndi kawerengedwe kamene amagwiritsa ntchito kulikonse pa dziko lapansi: mwa anthu 100 othawa tsoka, pafupifupi 4 amakhala amayi oyembekezera; ndipo mwa amayi oyembekezera 100, pafupifupi 15 adzakumana ndi vuto lofuna chipatala mwamsanga. Tiyeni tiwerenge tokha. Pamsasa wa anthu 1,000 pali amayi apakati ngati 40, ndipo 6 mwa iwo moyo wawo udzakhala pa chiswe. Sitidziwa kuti ndi ati. Ngakhale iwo eni sadziwa. Chimene tikudziwa n'chakuti mayi wotaya magazi atachira angathe kumwalira pa maola awiri okha ngati sathandizidwa, pamene msewu wa fumbi wasanduka phala, mlatho wakokoloka, ndipo wakabaza sangathe n'kukankha komwe njinga yake. Mwana akapingasa m'mimba, mayi navutika masiku awiri kapena atatu popanda opaleshoni, kawirikawiri mwanayo amafa, ndipo mayi akapulumuka amatsala ndi chilema cha fistula, chodontha mkodzo usiku ndi usana, chimene chimamuthawitsa pagulu, kumsika ndi ku Misa komwe.

Ngakhale pa nthawi ya mtendere uchembere m'dziko muno si wa masewera. Kafukufuku wa boma wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankafa chifukwa cha uchembere. Nanga kuli bwanji pamene sikelo yaima, buku la kuchipatala lanyowa, ndipo mankhwala apita ndi madzi? Dziko la Malawi lidatchuka mu 2011 pamene lidayamba, mayiko ena onse asanatero, kupereka mankhwala a ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi kachilombo ka HIV, ndipo ana ambirimbiri adabadwa opanda kachilomboko. Koma mankhwala amenewa safuna kudumphitsa. Mayi amene botolo lake latsalira m'nyumba yogumuka sangaimirire pakati pa kalasi lodzaza ndi apongozi ndi anansi n'kunena chimene wataya. Amangokhala chete, nayamwitsa mwana wake ali ndi mantha. Kodi alipo amene adakonzeratu kachipinda koti mayi wotere anenemo vuto lake mwachinsinsi?

Ilipo nkhani ina imene amuna ambiri amachita nayo manyazi ngakhale kuimva. Mwezi suima chifukwa cha chigumula. Mtsikana amene wathawa ndi chitenje chimodzi chokha, akafika kumwezi, atenga kuti nsalu? Achapira kuti, ndi sopo uti, ayanika pati pamene bwalo lonse la sukulu lili ndi maso? Ambiri amabisala pakona osadya, osamwa madzi, kuopa kupita ku chimbudzi chimodzi chimene akulimbirana ndi amuna mazana. Ena amadikira mdima kuti akadzithandize kutchire, ndipo mumdima momwemo ndi m'mene afisi a miyendo iwiri amadikirira.

Apa tafika pa bala lalikulu. Pamsasa, amene wagwira cholembera ndi kaundula wa maina amasanduka mfumu. Ambiri mwa anthu otere ndi okhulupirika, ndipo amagwira ntchito yolemetsa popanda malipiro. Koma alipo ena amene amati dzina la mayi wamasiye lilowe m'kaundula pokhapokha mayiyo, kapena mwana wake wamkazi, atabwera madzulo. Nyanja ikamaphwa, khalidwe lomweli limaoneka pa doko: nsomba zachepa, amayi ogula kuti akagulitse achuluka, ndipo msodzi wopanda umunthu amatchula mtengo umene si wa ndalama. Anthu amati mayiyo adavomera yekha. Adavomera chiyani? Munthu amene ana ake agona ndi njala masiku atatu savomera, amagonja. Amene agula thupi la mnzake ndi thumba la ufa wachithandizo wachita machimo awiri pa kamodzi: waba za osauka, ndipo wachita chigololo chokakamiza. Ngakhale akhale wa m'komiti ya tchalitchi, wotsogolera nyimbo kapena woyamba kugwada, malo ake ndi pamaso pa khoti, osati pa mkeka wokambirana zachibale.

Madzi akaphwa ndipo msasa ukapasuka, tsoka la mtsikana silinathe. Banja limene labwerera pa bwinja lopanda nkhokwe limayang'ana mwana wamkazi wa zaka 14 kapena 15 ngati pakamwa pena pofuna kuchotsa. Kukabwera mwamuna wa bwato kapena wa kagolosale, makolo amati Mulungu wayankha. Kafukufuku uja wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Lamulo la maukwati la 2015 lidaletsa zimenezi, ndipo mu 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu a dziko kuti pasakhalenso mpata woti makolo avomereze ukwati wa mwana. Komabe njala ilibe khutu lomvera malamulo ngati palibe wowakumbutsa. Thupi la mwana limene silinakhwime ndilo limang'ambika pobereka. Ufa umene makolo adya paukwati wotere ndi ufa wa pamaliro, wongodyeratu.

Mayankho atatu amene sitiwavomera

Tikalankhula zimenezi timamva mayankho atatu, ndipo onse atatu tikufuna kuwatsutsa.

Loyamba limati: izi n'zolaula, si nkhani zokamba wansembe kapena mwamuna, ndiponso mwambo wathu sulola. Koma ndi mwambo uti? Makolo athu sadali osasamala pa zimenezi. Adali ndi anamkungwi, adali ndi azamba, adali ndi chikuta chosungiramo mayi ndi khanda lake kutali ndi maso a anthu. M'midzi ya Anyanja, Ayao ndi Alomwe ya m'mbali mwa Chilwa, mwinimbumba amadziwika ndi ntchito imodzi yaikulu, ndiyo kuteteza alongo ake ndi ana awo. Chinsinsi cha makolo chidali mpanda wotchinjiriza mayi. Chinsinsi cha lero chasanduka mpanda wotchinjiriza womulakwira. Ndiponso Ambuye athu Yesu Khristu sadathawe nkhani zotere. Marko Woyera, pa mutu 5, akutisimbira za mayi amene adataya magazi zaka 12, amene malamulo a nthawiyo ankamuyesa wodetsedwa. Iye atakhudza chovala cha Ambuye mobisa, Ambuye adaima pakati pa chikhamu cha anthu, namufunafuna, namuyankhula ngati mwana wawo. Nthawi imeneyo n'kuti ali pa ulendo wokadzutsa kamtsikana ka zaka 12. Ngati Mwana wa Mulungu sadaone cholaula m'magazi a mayi wodwala, ndani mwa ophunzira ake angadziyese woyera kuposa Iye?

Yankho lachiwiri ndi lochenjera, ndipo limamveka kwambiri pakati pa Akhristu ophunzira. Limati: mawu awa a ufulu wa amayi pa za uchembere ndi msampha wa mabungwe akunja, amene m'kati mwake abisamo kuchotsa mimba, choncho Mkatolika atalikirane nawo. Tiyeni tinene momveka. Eklezia amaphunzitsa kuti moyo wa munthu ndi woyera kuyambira pamene mayi watenga pathupi, ndipo sadzavomera kuchotsa mimba, kaya ndi pa mtendere kaya ndi pa tsoka. Pa za njira zolera, chiphunzitso chimene Papa Paul VI adapereka mu 1968 n'chodziwika, ndipo pa mfundo zimenezi timasiyanadi ndi mabungwe ena. Sitibisa, sitichitanso manyazi. Koma kodi kusiyana pa mfundo ziwiri kukhale chifukwa chothawira mfundo khumi zimene palibe Mkhristu angazikane? Ndi lamulo liti la Mulungu limene limaletsa mzamba wophunzira kugona pamsasa? Ndi chiphunzitso chiti chimene chimatsutsa chimbudzi cha amayi chokhala ndi chitseko ndi nyale? Mtsikana amene wagwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV, amene adzamwa masiku 28. Kodi amene amuchedwetsa pofuna kuti akulu a mpingo ayambe akambirana watumikira moyo kapena imfa?

Munthu amene amafuula m'misewu ya mumzinda poteteza mwana wosabadwa, koma n'kukhala duu pamene mayi wa mwanayo akuchirira pa simenti ya kalasi ndi kuwala kwa foni, chikhulupiriro chake chili ndi mwendo umodzi. Mwana wa m'mimba alibe nyumba ina koma thupi la mayi wake. Sungateteze dzira uku ukuponda nkhuku. Ndipo mawu akuti ufulu sitidabwereke kwa alendo. Mayi ali ndi ufulu wochira mosamalidwa, wokana mwamuna amene sakumufuna, wosakwatiwa ali mwana, chifukwa adalengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Papa John Paul II adalemba kalata yathunthu mu 1988 yonena za ulemerero wa munthu wamkazi, chaka chimodzi asanadzatichezere kuno mu 1989. Aepiskopi athu, m'kalata yawo ya pa 8 Malichi 1992, pa nthawi imene kulankhula kudali koopsa, sadaope kunena za kuperewera kwa chithandizo cha zaumoyo. Ana a Eklezia wotere asaope liwu lakuti ufulu ngati ndi njoka.

Yankho lachitatu limachokera m'maofesi. Limati: ndalama n'zochepa, misewu yaduka, tiyambe tapulumutsa moyo, zinazo pambuyo. Ngati kuti mayi wotaya magazi si moyo! Koma nyanja ya Chilwa yomweyi ili ndi umboni wotsutsa yankho limeneli. Mu 2016, kolera itabuka panyanja, Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières ndi mabungwe ena adapereka katemera wakumwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, pa zilumba, mpaka kwa asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa njedza. Poona kuti asodziwo n'ngovuta kuwapezanso, adawasiyira katemera wachiwiri kuti adzamwe okha tsiku lake likakwana. Idali nzeru yabwino ndi yoyamikika. Tsono ngati bwato lidatha kupeza msodzi pakati pa nyanja, lingalephere bwanji kupeza mayi wapakati pa sukulu imene aliyense amaidziwa dzina? Kolera amaithamangira chifukwa imapha olemera ndi osauka omwe, ndipo imafika mpaka mumzinda. Imfa ya uchembere siipatsirana; imakhala m'nyumba imodzi, nalira ndi ana amasiye okha. Chosowa si mafuta a bwato ayi. Chosowa ndi kuwerengera mayi ngati munthu wathunthu.

Ntchito imene ili pakhomo pathu

Sitikulemba izi kuti owerenga apukuse mitu n'kutembenuza tsamba. Dzinja likubweranso, ndipo zilipo ntchito zimene sizifuna ndalama za kunja.

Miphakati yathu ndiyo imadziwa nyumba iliyonse. Mvula isanayambe, amayi a mumphakati, mogwirizana ndi alangizi a zaumoyo, adziwe mwaulemu ndi mwachinsinsi amene ali oyembekezera, ndipo amene masiku awo agwera m'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi alimbikitsidwe kupita kuchidikiro msewu usanaduke, kaya ndi ku Pirimiti, chipatala cha mpingo wathu cha kufupi ndi Jali, kaya ndi ku chipatala cha boma chapafupi. Chimene chimaletsa ambiri kupita si umbuli. Ndi funso lakuti ana otsala adya chiyani, nanga iye kuchidikiroko adya chiyani. Yankho la funso limenelo ndi mbale ya ufa ya banja lililonse la mumphakati. Amayi Maria atamva kuti Elizabeti ali ndi pathupi mu ukalamba wake sadatumize mafuno abwino. Adanyamuka, nakakhala naye miyezi itatu.

Parishi iliyonse imene tchalitchi kapena sukulu yake imasanduka msasa ikonzeretu lero: chipinda chiti chidzakhala cha amayi ndi atsikana, chili ndi loko kodi, zimbudzi zawo zili mbali iti, nyale zili kuti. M'nkhokwe ya parishi, pambali pa ufa, mukhale zitenje, sopo ndi mapadi, ndipo Bungwe la Amayi Achikatolika ndilo ligawe. Pa komiti iliyonse yolemba maina ndi kugawa chithandizo, theka likhale la amayi, kugawako kuchitike masana poyera, ndipo kulengezedwe mokweza kuti chithandizo n'chaulere, palibe woyenera kupempha kanthu. A CADECOM ndi a Chilungamo ndi Mtendere aphunzitse makomiti amenewa mvula isanagwe, ndiponso afunse akuluakulu a boma oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi kuti m'mapulani awo mzamba ndi bwato la odwala zili pa mzere uti.

Mwana akachitidwa nkhanza, njira ndi iwiri yokha ndipo iyendedwe tsiku lomwelo: kuchipatala ndi kupolisi, kumene kuli ofesi yothandiza ozunzidwa. Ilipo nambala yaulere ya 116 yothandiza ana, imene bungwe la YONECO la mumzinda wa Zomba momwemu limayendetsa. Ilembedwe pa khoma la msasa uliwonse. Nkhani yotere si ya mbuzi ya chipepeso. Ndipo mtsikana amene wapezeka ndi pathupi pambuyo pa tsoka asatonzedwe pa guwa kapena kuthamangitsidwa m'kwaya pamene womuwonongayo akukhala pa benchi la kutsogolo. Ngati tifuna kuti asunge mwana wakeyo, monga Eklezia amapemphera, tiyenera kumusunga iyeyo poyamba: adye, apite kusikelo, ndipo akachira abwerere kusukulu.

Kwa mafumu athu a kwa Mwambo, kwa Kuntumanji ndi pa Chisi tikuti: chitsanzo chilipo. Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene idagwirapo ntchito zaka zambiri mu Zomba muno isanalowe ufumu, idathetsa maukwati a ana mazanamazana, nibwezera anawo kusukulu, ndipo idatsitsa pa mpando nyakwawa zimene zinkavomereza maukwati otere. Sidadikire thandizo la kunja. Idagwiritsa ntchito mphamvu imene mfumu iliyonse ili nayo. Kwa atsibweni ndi eni mbumba tikuti: mwana wa mlongo wanu si chiwongoladzanja cha ngongole ya njala. Kwa asodzi ndi eni mabwato, amene ambiri ndi Akhristu ndi Asilamu oopa Mulungu, tikuti: mumawadziwa anzanu amene amachita zonyansazi pa doko, kukhala chete kwanu ndiko kumawanenepetsa.

Abale athu okondedwa, chaka ndi chaka pa Khirisimasi timamanga kakhola m'tchalitchi, n'kuikamo chifanizo cha Mayi amene adachirira kutali ndi kwawo, pa malo osayenera, chifukwa m'nyumba mudalibe malo, ndipo posakhalitsa adathawa usiku ndi khanda kumka ku dziko lachilendo. Timagwada pamenepo mwezi wa Disembala. Mwezi wa Januwale madzi amabwera, ndipo mayi wina wofanana naye amagogoda pa chitseko cha tchalitchi lomwelo, mimba ili kutsogolo, mwana kumsana, kamtolo konyowa pamutu. Tsiku lachiweruzo sitidzafunsidwa kuti kakhola kathu kadali kokongola bwanji. Tidzafunsidwa za mayi wachiwiriyu: kuti adagona pati, adachirira m'manja mwa yani, ndipo mwana wake wamkazi adatuluka mumsasa muja ali bwanji.